A Nyirongo ndi Chifunga cha ku Lingadzi

Uthenga wa maliro a Bambo Nyirongo unandipeza ndikuanika mabulangete pachingwe. Ndinaseka kaye ndisanalire, chifukwa chizolowezi choanika mabulangete kumapeto kwa Epulo anandiphunzitsa ndi iwowo, ndipo akanandiona akanandikalipira kuti ndachedwa. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti mvula yatsazika m'chigawo chapakati, kuti m'mamawa muzigwa chifunga m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndiponso kuti kuyamba kuzizira. Mayi wowerengayo anawerenga bwino, koma mofewa ngati akupepesa. A Nyirongo nkhani yomweyo ankainena ngati chigamulo cha khoti.

Anthu a ku Falls, kumene anakalambira, amawakumbuka ngati nkhalamba yaitali yokhala pakhonde, itavala juzi yobiriwira yachizimayi yaifupi m'manja, ikuluka ndi masipoko a njinga. Ana a kumeneko ankawatcha Agogo Chisanu. Ine ndinawadziwa kale kwambiri, asanamere imvi, ndipo juzi yobiriwirayo ndikudziwa kumene inachokera.

Tinafika ku Lilongwe chaka chimene likulu linasamuka kuchoka ku Zomba. Amuna anga anali m'gulu la ogwira ntchito m'boma amene anauzidwa kuti alongedze, ndipo tinapatsidwa nyumba ku Area 11. Musaganize za Area 11 wa lero, wa mipanda ndi mitengo yophimba madenga. Nthawi imeneyo kunali dothi lofiira, nyumba zonunkha penti, ndi timitengo tomangirira ku zikhomo. Kuseri kwa nyumba yathu mizere ya minda ya anthu amene anasamutsidwa inkaonekabe pansi pa udzu. Kumunsi kunali mtsinje wa Lingadzi, umene sitinkauwerengera n'komwe.

Lole ikutsitsa katundu, kunatulukira bambo wamtali wa nyumba yoyandikana nafe. Moni anapereka mwachidule, za ulendo sanafunse, anangoyang'ana mitolo yathu ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mabulangete ali mumtolo uti?"

Amuna anga anaseka. "Tabwera ndi awiri basi, bambo. Enawo tagawira abale ku Zomba. Kuno si kotentha kodi?"

"Wakuuzani ndani?"

"Aliyense amatero. Lilongwe ndi fumbi ndi dzuwa."

"Aliyense ameneyo anagonapo m'mphepete mwa Lingadzi mwezi wa Juni?"

Anatembenuka n'kumapita, osadikira yankho. Amuna anga anandinong'oneza kuti tapeza mnansi wovuta, ndipo sanali kunama. Koma cholakwacho tinachita ambiri ochokera ku Zomba. Tinkaganiza kuti chisanu ndi cha kuphiri, ndipo tachisiya komweko pamodzi ndi mitengo ya paini. Potsazikana ndi abale tinagawa majuzi ndi makhothi mowolowa manja, ena mpaka kudzitama kuti tikupita kumalo kosafunika zimenezo.

A Nyirongo kwawo kunali ku Rumphi, ndipo ankagwira ntchito ku nthambi yoona za nyengo. Iwo anatsogola kufika kuno, ankayeza mphepo ndi mvula ku bwalo la ndege lakale pamene City Centre inali idakali thengo. Ntchito yawo inali kutumiza malipoti kwa akuluakulu, koma iwo ankaona kuti zimenezo sizikwanira. Ankati lipoti silifunditsa mwana. Choncho chaka chilichonse mvula ikamatha, Lamlungu potuluka kutchalitchi, ankayenda nyumba ndi nyumba atavala suti yomweyo, kulengeza zimene zikubwera.

"Mvula yatha," ankatero, ataimirira pakhomo chipewa chili m'manja. "Ikagwanso ndi yongowaza, musaiwerengere. Kuyambira tsopano usiku kumwamba kuzikhala mbee, ndipo kukayera chotero nthaka imataya kutentha konse kumene inasunga masana. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsikira kumunsi ngati madzi, ndipo kumunsi kwake ndi kuno. M'mamawa chifunga chizikwera kuchokera kumtsinje mpaka pakhomo panu. Masana dzuwa lizikunamizani kuti zatha. Sizinathe. Mwera ukayamba kuomba mudzandikumbuka."

Akatero ankakana tiyi n'kupita nyumba yotsatira.

Mwambi woti chakudza sichiimba ng'oma ankadana nawo kwambiri. Ankati anaupeka munthu waulesi wosafuna kuyang'ana kumwamba. Chisanu, malinga ndi iwo, chimaimba ng'oma mwezi wathunthu: mame amachuluka pa udzu, utsi wa m'mawa umakana kukwera n'kumayenda chokwawa, milomo ya ana imayamba kung'aluka. Wosamva ng'oma zonsezi ankati asanamizire Mulungu.

Sikuti sankalakwa ayi. Chaka china mnzathu wa mumsewu momwemo ankakwatitsa mwana wake mvula itayandikira, ndipo anapita kukafunsa a Nyirongo ngati angachitire madyerero panja. A Nyirongo analumbira kuti sipagwa dontho. Matebulo anayalidwa pabwalo, nsalu zoyera, keke pakati. Anthu atangoyamba perekani-perekani, kunabwera chimvula chochokera kumadzulo chimene chinasandutsa keke phala. Tonse tinathawira pakhonde, maso ali pa iwo. A Nyirongo anaimirira suti ikudontha, anayang'ana mitambo mokwiya, n'kunena kuti imeneyo si mvula yathu, ndi ya ku Mchinji yasokera. Mpaka kumwalira kwawo sanapepese, ndipo mwini ukwatiyo anakhala chaka chathunthu akuwapatsa moni wa pamphuno.

Chinthu chachiwiri chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi kuluka. Anaphunzira ali mwana, atathyoka mwendo n'kugona miyezi m'chipatala cha mishoni kwawoko, kumene nesi wina anawapatsa ulusi kuti asiye kusowetsa anzawo mtendere. Masingano a m'sitolo ankawanyoza kuti ndi oterera. Ankatenga masipoko a njinga, n'kuwanola pamwala, n'kumaluka nawo pakhonde poyera, amuna anzawo akudutsa ndi magalimoto a boma. Ankaluka ngakhale pamsonkhano wa akulu a mpingo, mpaka mkulu wina anadandaula kuti zikuchititsa manyazi amuna onse. A Nyirongo sanakweze mutu. Anafunsa kuti amene anasoka suti ya mkuluyo pakhonde la sitolo ku Old Town ndi mwamuna kapena mkazi. Atayankhidwa kuti ndi mwamuna, anati ndiye awafotokozere bwino chifukwa chake singano imodzi ili yachimuna koma masingano awiri ndi achikazi. Nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo mkulu uja chaka chotsatira anatumiza mdzukulu wake kudzayezetsa juzi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kuwakhazika chete, mkazi wawo NyaGondwe. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wamanyazi kwambiri moti mchere ukamuthera ankadya ndiwo zosakoleretsa kusiyana ndi kubwera kudzapempha. A Nyirongo akayamba kulalikira za mitambo alendo atatopa, mayiyo ankangoti, "Dada, basi," ndipo mitambo inkathera pomwepo. Mwana sanakhale naye. Majuzi onse aang'ono amene ankatuluka m'nyumba imeneyo ankapita kwa ana a eni.

NyaGondwe ndinangokhala naye miyezi yochepa. Anadwala malungo mvula ili mkati, ndipo masiku ake otsiriza ndinkamuona pakhonde akunjenjemera dzuwa likuswa mtengo, atavala juzi yofiirira imene a Nyirongo anamulukira atangokwatirana. Anamwalira mu Malichi. Thupi linapita ku Rumphi, koma zovala zake zinatsala kuno, zotsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Mwambo wake ndi wodziwika: zovala za malemu sizikhudzidwa mpaka abale ake abwere kudzazigawa. A kwa Gondwe anati adzabwera akakolola. A Nyirongo anabwerako kumaliro ali wowonda ngati mtengo wa bango, koma Epulo atafika anavalabe suti n'kuyenda nyumba ndi nyumba kulengeza chifunga.

Ine ndinali woyembekezera, ndipo ndinkadziwa kuti nthawi ilipo yambiri. Ndinkati zovala za mwana ndidzagula pang'onopang'ono. Koma mwana sanadikire. Anabadwa kumayambiriro kwa Meyi, miyezi isanakwane, amuna anga ali ku Zomba kumene anabwerera kukaperekeza malole a katundu wa ofesi. Kanali kamwana kakang'ono moti kankakwana m'manja awiri. Tinakatcha Tadala. Kuchipatala chakale cha kutsidya kwa mlatho kunali kodzaza, mzinda unali utakula mofulumira kuposa mabedi ake, ndipo patapita masiku ochepa anatitulutsa. Nesi wachikulire anandigwira paphewa n'kundiuza kuti mwanayu alibe matenda, mdani wake ndi mmodzi yekha, kuzizira. Akazizira asiya kuyamwa, ndipo akasiya kuyamwa ndiye kuti wapita.

Nyumba za boma zija zinali zokongola pozionera kunja. M'kati munali pansi pa simenti ndi mawindo a timagalasi tosanjikiza, tolowetsa mphepo ngakhale titatsekedwa. Ndinali ndi Nachisale, mayi wa kumudzi wina wa kufupi amene ankatithandiza ntchito, munthu wopemphera ndiponso wodziwa za ana kuposa ine. Tinamukulunga Tadala m'zitenje ndi m'bulangete, koma anali wamng'ono kwambiri, ankangosowamo ngati nthanga m'thumba, mutu n'kutulukira pena, mapazi pena. Tinatuma munthu ku masitolo a ku Old Town kukafuna tizovala taubweya kapena ulusi. Anabwerako chimanjamanja. Amwenye onse anati katundu wa nyengo yozizira afika mu Juni. Pambuyo pake ndinamva kuti a Nyirongo anali atazungulira kale masitolo omwewo tsiku limene anamva kuti ndachira.

M'mawa wa tsiku limene sindidzaiwala, ndinatsegula katani n'kupeza kuti dziko kulibe. Nyumba ya a Nyirongo sinkaoneka, timitengo sitinkaoneka, kunali kuyera kokhakokha. Chifunga chinali chitakwera kuchokera ku Lingadzi monga ananenera. Ndinagwira mapazi a Tadala, anali ozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinamupatsa bere, anangoligwira pang'ono n'kulisiya. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Kenako kunamveka odi. A Nyirongo anali pakhomo atavala chikhothi, timadontho ta chifunga tili pa nsidze, m'manja muli kaphukusi ka nyuzipepala. Kulowa anakana. Ankadziwa kuti mwana sanatuluke m'chikuta, ndipo mwambo umenewo anaulemekeza. Anangondipatsira kaphukusiko pakhomo. M'kati munali kajuzi, kachipewa ndi timasokosi, zazing'ono ngati za chidole, zolukidwa mothinana moti singano sikanadutsa. Zonse zinali zofiirira.

Nachisale anandigwira mkono n'kundikokera kukhitchini.

"Mayi, ulusi uwu ndaudziwa. Inunso mwaudziwa."

Ndinali nditaudziwa.

"Ndi juzi ija anavala malemu akudwala. Abale ake sanabwere, zovala sizinagawidwe, mwini wake sanatsazikane nazo. Mwanayu mchombo sunagwe. Mukufuna malemu abwere kudzamutenga? Munthu woti analibe wake mwana? Mayi, ine ndimapemphera, koma izi ayi."

Sindingabise, mawu amenewo anandilowa. Ndinakulira m'zomwezo, ndipo mayi anga akanakhalapo akananena chimodzimodzi. Ndinabwerera pakhomo kaphukusi kali m'manja.

"Bambo Nyirongo, ulusiwu ndi wa amayi?"

"Ndi wawo," anayankha osaphethira. "Ndaphwasula juzi, ulusi ndauchapa, ndauanika padzuwa, ndauwongola pa nthunzi ya ketulo. Mayi wanu uja anafa ndi malungo, sanafe ndi juzi."

"Nanga abale akabwera?"

"Umenewo ndi mlandu wanga, si wanu." Analoza kumunsi kumene kunali mtsinje. "Tamverani, mwana wanga. Mawa kuzizira kuposa lero. Mkuja kuposa mawa. Sabata yamawa mwera uyamba. Zimenezo ndikuzidziwa, ndi ntchito yanga. Za mizimu sindinayezepo, ndilibe chida chake. Koma NyaGondwe ndakhala naye zaka zambiri. Munthu amene ankalephera kupempha mchere pa nyumba ino, lero angabwere kudzatenga mwana wa eni?"

Ndinalowa kuchipinda n'kumuveka Tadala. Kajuziko kanamukwana ngati kuti anamuyeza, chonsecho anali asanamuonepo.

A Nyirongo sanachoke pomwepo. Ataimirira panja pawindo anayamba kulamula ngati kapitawo. Bedi lichoke kukhoma loyang'ana kumtsinje. Mipata ya mawindo itsekedwe ndi nyuzipepala. Mwana agone pachifuwa panga, m'kati mwa zovala zanga, kachipewa kasachoke kumutu. Botolo la madzi otentha likulungidwe m'chitenje, likhale kumapazi. Mbaula isalowe m'chipinda chotseka, chifukwa imafunditsa munthu n'kumugonetsa tulo tosadzuka. Ndipo chitseko chisatsegulidwe mpaka chulu cha kuseri kwa nyumba chioneke chonse. Dzuwa litakwera, Tadala anayamwa mpaka kugona bere lili m'kamwa.

Nyengo yonseyo, popita kuntchito ankaima pawindo lomwelo n'kulengeza za tsikulo kwa ine ndekha: lero chifunga chichedwa kuchoka, lero mukhoza kumutulutsa pang'ono masana, lero ayi, mwera waipa. Nachisale anakhala masabata akukana kukhudza kajuziko, ndinkachapa ndekha. Ankangopempherera mwana mokweza, maso ali kumbali. Tsiku lina ndinamupeza akukachapa yekha ndi madzi ofunda, mosamala, akung'ung'udza kuti ine ndimakafinya ngati chikolopa. Za malemu sitinakambenso.

A kwa Gondwe anabwera atakolola, monga analonjezera. Anatsogolera ndi mkulu wake wa malemu, mayi wamkulu thupi wa nkhope yosaseka, amene a Nyirongo ankamutcha Mlamu. Bokosi linatsegulidwa pamaso pa anthu a mpingo. Zitenje zinatuluka, madiresi, nsapato, mpango wa kutchalitchi. Mlamuyo anafufuza mpaka pansi, kenako anafunsa za juzi yofiirira. Apa ndi pamene tinadziwa chimene a Nyirongo ankachidziwa kale: malemu ali moyo ananena kuti juziyo idzapite kwa mayi awo, nkhalamba yokhala kumapiri kozizira, imene inali ikudikira kuti ifunde fungo la mwana wake.

A Nyirongo akanatha kunena kuti inasowa kuchipatala, kapena kuti anaiika m'bokosi la maliro. Palibe akanatsutsa. Koma iwo anaimirira n'kunena kuti anaiphwasula ndi manja awo, akudziwa mwambo, akudziwanso lonjezo. Phokoso la Chitumbuka limene linatsatira linamveka mpaka kumsewu. Kenako ndinaona Mlamuyo akudutsa malire a nyumba zathu, akubwera molunjika kwa ine.

Sanapereke moni. Anati ndimuonetse mwanayo. Tadala anali atayamba kunenepa, masaya atatuluka, kajuzi kofiirira katayamba kuthina m'khwapa. Mayiyo anamunyamula, anagwira ulusiwo ndi zala, anaufikitsa kumphuno. Misozi inatsika, iye osaipukuta. Ine ndinkaganiza kuti amuvula.

"Mwana alibe mlandu," anatero potsiriza, m'Chichewa cholemera. "Inunso mama mulibe mlandu. Koma bambo awo ali nawo."

Anandibwezera mwana n'kutuluka.

Mlanduwo unagamulidwa mbuzi, ndipo a Nyirongo analipira osanyinyirika. Koma mbuzi sinatseke bala. Ulusi utafika m'masitolo anagula wobiriwira wapamwamba, n'kulukira apongozi awo juzi ina, yokongola kuposa yoyamba ija, n'kuitumiza pa basi. Inabwerera m'phukusi lomwelo, chingwe chosamasula. Pomanga chiliza cha NyaGondwe, a kwa Gondwe sanabwere ngakhale mmodzi. Nkhalamba ija inamwalira isanawakhululukire, Mlamu nayenso chimodzimodzi. Tsiku limene phukusi linabwerera ndi lokhalo limene ndinawaona a Nyirongo atakhala pakhonde manja ali chabe, osaluka, osayang'ana kumwamba. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndinadzimvanso kuti ndine amene ndawabweretsera zonsezi. Ndinapita kukapepesa.

"Mukupepesa chiyani?" anandifunsa mokalipa. "Amayi aja akunena zoona, ndinawalanda chinthu chawo. Kulira kwawo n'koyenera. Koma iwo anali ndi moto, anali ndi mabulangete, anali ndi mnofu pa mafupa. Tadala analibe chilichonse. Chisanu chija chitabweranso lero, ndikhoza kuphwasulanso." Anayang'ana phukusi lija. "Kungoti ndikanakonda akanaivala kamodzi kokha."

Juzi yobiriwirayo anayamba kuivala okha nyengo yozizira yotsatira, mabatani ali kuchikazi, manja akuthera pamwamba pa wotchi. Anthu ankaseka, iwo analibe nazo ntchito. Ankati ulusi wabwino sutayidwa chifukwa cha mkwiyo wa anthu. Zigongono zikabooka ankazilukanso, ndipo anakalamba nayo.

Atapuma pantchito aliyense ankayembekeza kuti abwerera ku Rumphi monga ankachitira anzawo. Iwo anagula kanyumba ku Falls, kufupi ndi mtsinje wa Lilongwe, n'kunena kuti kwawo anthu amadziwa kale kuzizira, osowa thandizo ali kuno. Pa mzati wa khonde anakhomera kagalasi koyezera kutentha, pabwalo anaika botolo loyezera mvula, ndipo anapitiriza kuyenda nyumba ndi nyumba mpaka miyendo inakana. Itakana, ankangokuwa ali pampando, kuitana amayi opita kumsika kuti ana awo ali kuti zipewa. A Nyirongo ankamutcha Tadala mwana wa NyaGondwe, ndipo pa ukwati wake anakhala kutsogolo, kumpando wa makolo, amuna anga osatsutsa. Anamuphunzitsa kuluka akadali wamng'ono, n'kumadzitama naye. Ine anayesa kundiphunzitsa n'kulephera. Ankati zoluka zanga mphepo imadutsamo osagogoda.

Tadala ndiye anaperekeza thupi ku Rumphi. Ine miyendo siilolanso ulendo wautali. Ananyamula kajuzi kofiirira kaja, kamene ndinakasunga zaka zonsezi, pamodzi ndi kachipewa ndi timasokosi take, akuti akabweze kwa eni. Kumanda kunabwera mayi mmodzi wa kwa Gondwe, mwana wa Mlamu uja, nayenso wa imvi. Tadala akuti anagwada n'kumupatsa kajuziko. Mayiyo anakatambasula padzanja, anayang'ana kajuzi, anayang'ana Tadala, amene lero ndi mayi wadzitho wa ana akeake, n'kufunsa kuti kodi mwana uja ndi inu. Atavomera, mayiyo anagwedeza mutu, anatenga kachipewa kokha n'kukaika m'chikwama, zotsalazo anamubwezera. Kenako anamukhazika pamphasa ya abale.

Dzulo m'mawa ndinapita ku Falls kukasesa pakhomo pawo, abale asanabwere kudzagawa katundu. Chifunga chinali chitakwera kuchokera kumtsinje, mabasi a ku depoti akungomveka kulira osaoneka. Nyumba inali yokhoma. Pakhonde mpando wawo wa nsungwi unali pamalo ake, utanyowa ndi mame, pakati pake pali chibowo cha thupi lawo. Pansi pa mpandowo, m'kadengu kamene okhoma nyumba anakaiwala, munali mpira wa ulusi wachikasu, masipoko awiri atabayidwamo, ndi kachipewa kolukidwa theka.

Ndili chiimire, mayi wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, mimba ili kutsogolo. Anandipatsa moni, kenako maso ake anagwera pakadengu.

"Agogo anandiuza kuti ndidzachira pakati pa chisanu," anatero mwamanyazi. "Anati ndisagule chipewa cha m'sitolo, n'chopyapyala."

Mwambo ndimaudziwa bwino, mwinanso kuposa wina aliyense mumzinda muno. Zinthu za malemu sizikhudzidwa mpaka abale abwere. Ndinawerama, ndinatenga ulusi, masipoko ndi kachipewako, n'kuzikulunga m'chitenje changa.

"Tadala amaliza sabata ino," ndinamuuza. "Abale akadzafunsa, muwalozere kwathu. Mbuzi ndidzalipira ine."

Potuluka pageti ndinacheuka. Kadengu kanali kopanda kanthu, mpando wopanda munthu, botolo la mvula louma. Pa mzati kagalasi kaja kanali katatsika kuposa dzulo, ndipo panalibe woti akuwe kuuza anthu odutsa. Amayi ankapita kumsika m'chifungamo, ana ali kumsana, ena mitu ili pamtunda.